Kaseti Yokhala ndi Kadontho Kofiira

Ine sindigwirizana ndi anthu ogulitsa zinthu zimene sakuzidziwa. Wogulitsa tomato amadziwa tomato wake. Wogulitsa mbuzi akhoza kukuuza msinkhu wa mbuziyo pongoiyang'ana m'kamwa. Koma pita kwa ogulitsa mabuku akale, mafilimu ndi nyimbo pa Mitundu kapena pa Nathenje, uwafunse kuti m'katimu muli chiyani. Angokuyang'ana kukamwa kuli yasa, ngati wawafunsa njira ya kumwamba. Ndinawadziwa bwino anthu amenewa chaka chimene ndinkafunafuna kaseti ya amayi anga, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pa mabenchi awo ndimatsonya.

Amayi anga ankaimba mu kwaya ya amayi pa katchalitchi ka pa esiteti ya fodya kumene ndinakulira, kuseri kwa Mitundu. Ababa anabwera pa esitetipo ali mnyamata kuchokera kum'mwera, kudzafuna ntchito, nakwatira mwana wa m'mudzi wapafupi, ndiye amayi angawo. Kwaya ija inali ya akazi a matenanti, anthu ochokera uku ndi uko, amene chinawakumanitsa ndi fodya basi. Chaka china fodya atayenda bwino, amayiwa anasonkherana, n'kukwera lole ya pa esiteti kupita m'tauni ku Lilongwe kukajambulitsa nyimbo zawo. Anabwerako ndi makaseti ochepa, aliyense yakeyake imodzi. Pachikuto panalibe ngakhale chithunzi, dzina la kwaya analilemba ndi bolopeni. Amayi, podziwa kuti chinthu chobwereketsa chimabwerera chitasintha nkhope, anadontheza kyuteksi wofiira pakona pa kaseti yawo kuti isasokonekere ndi ya wina.

Nyimbo yoyamba ya mbali yachiwiri, ukaitembenuza kasetiyo, ankaitsogolera ndi iwo. Koma wojambula uja anali waulesi, sanadule kanthu. Nyimbo isanayambe kunkamveka benchi ikulira, kenako amayi akukonza pakhosi, kenako akufunsa anzawo chapansipansi ngati akonzeka. Ana tinkaseka mpaka misozi pamalo amenewo, tikuwayeserera. Amayi ankachita manyazi, n'kumati munthu wa m'tauni uja anawaonetsa m'gulu.

Amayi atamwalira, zinthu zinayenda monga mwa mwambo wa kuno. Katundu wa mkazi ndi wa abale ake, ndipo ababa anali mkamwini. Atsibweni anga, alongo awo a amayi, amene nthawi yonse ya matenda sanabwerepo ngakhale ndi nthochi imodzi, pa tsiku logawa katundu analawirira kuposa tambala. Ananyamula wailesi yathu ya kaseti pamodzi ndi katoni yonse ya makaseti, ati akasungire mbumba. Ababa sanatsegule pakamwa, poti mkamwini salankhula pa katundu. Atawasudzula, ine ndinawatenga kukakhala nawo kwanga ku Nathenje, kumene ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ya munthu wina. Ndikakumana ndi atsibweni pa maliro kapena pa ukwati, ndinkawafunsa za kaseti ija. Yankho linali limodzi: “Ilipo mwanawe, ikusungika bwino, ndidzabweretsa.” Zaka zinapita akubweretsabe ndi pakamwa.

Ababa anakalamba, maso anachita ng'ala. Tinapita nawo kuchipatala cha ku Nkhoma, anthu anayesetsa, koma ukalamba ulibe mankhwala. Chifuwa nachonso chinayamba kuwavuta. Tsiku lina m'mawa nyengo yozizira ikuyamba, ali chikhalire pa mpando wawo pakhomo kuothera dzuwa, anandiitana ndisananyamuke kupita ku makina.

“Mwananga,” anatero, “nkhope ya amayi ako ndimaiona bwinobwino, ngakhale maso afa. Koma mawu awo andithawa. Ndikayesa kukumbuka akundiitana, ndikumangomva mawu ako. Kaseti ija ikanapezeka, ndikanawamvako kamodzi ndisanapite.”

Ababa anga sanali munthu wopempha. Chikhalire nawo, sanandipemphepo ngakhale shuga wowonjezera mu tiyi. Ndinkamva momwe ankapumira, ndipo ndinadziwa kuti nyengo yozizira ina mwina sadzaiona. Kaseti ina kunalibe koipeza. Esiteti ija inasintha eni, matenanti anabalalika, wina ku Mulanje, wina ku Ntcheu, ambiri kumanda. Inatsala ndi yathu yokha ija.

Ndinakwera njinga yamoto kudutsa njira ya fumbi mpaka kwa atsibweni. Ndinapeza akazi awo akupeta nyemba. Nditanena chimene ndadzera, mayiyo anaulula kuti wailesi ndi katoni yonse amuna awo anagulitsa kwa munthu wina wa pa msika wa Mitundu, mvula ili pakati, nthawi ya njala ija. Atsibweni eni ake anatulukira kuseri kwa nyumba akumanga lamba, fungo la kachasu lili patsogolo iwo ali pambuyo.

“Nanga nyimbo zimadyedwa?” anandifunsa. Manyazi analibe ngakhale a pachikhadabo.

“Sizidyedwa, atsibweni,” ndinayankha. “Koma ndikuona kuti zimamwedwa.”

Sindinakhale pansi, sindinalandire ngakhale madzi. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kugulitsa mawu a mlongo wake kuti akanyowetse pakhosi. Ndinamuda tsiku limenelo, ndipo sindinaone chifukwa chosiyira kumuda mpaka pano.

Tsiku la msika ndinafika pa Mitundu dzuwa lisanatenthe. Sindinkadziwa dzina la wogula uja ngakhale nkhope yake, ndiye ndinayamba kungoyenda benchi ndi benchi, paliponse pamene panali chinthu chakale chowerenga, choonera kapena chomvera. Woyamba anali bambo wina amene anayala mabuku pa chisaka pafupi ndi ogulitsa kaunjika. Ndinaima pamenepo pang'ono chifukwa mabuku ndimawakonda, ababa anandizoloweretsa ndili mwana. Panali mabuku a sukulu, a nthano, a mapemphero, ena achizungu onenepa ngati njerwa. Koma anawaunjika modabwitsa, osati a sukulu paokha, a nthano paokha ayi. Ndinatola limodzi, n'kupeza kuti likuyambira pakati pa nkhani.

“Nanga masamba oyambirirawa ali kuti?” ndinafunsa.

“Anagula wa zitumbuwa,” anayankha akutokosa m'mano. “Mulu uwo ndi wa mapepala olimba, okulungira za mafuta. Uwu ndi wa mapepala opyapyala, ndiwo wokwera mtengo, chifukwa amapichira bwino chingambwe. Inu mukufuna okulungira chiyani, mayi?”

Ndinamuuza kuti ndimafuna owerenga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka, ati anthu owerenga anatha kalekale. Munthu wakhala pakati pa mabuku tsiku lonse, chaka ndi chaka, koma chimene akudziwa ndi kukhuthala kwa pepala basi. Mbewa imene imadya mabuku m'nyumba ndimaimvetsa, chifukwa sinapiteko ku sukulu. Uyu anapitako, dzina lake amalemba. Za makaseti anati sakhudza, ndikafunse kwa a mafilimu.

A mafilimu ali ndi timaokala tawo m'mbali mwa msewu, tonse tili ndi chimkuzamawu pakhomo, tonse tikulira nthawi imodzi, moti sumva ngakhale maganizo ako omwe. M'kati mumakhala mnyamata wandevu zosapsa, miyendo pa tebulo, maso pa kompyuta. Pakhoma pamalendewera masidi akale m'timapepala tapulasitiki tofiira ndi fumbi, zithunzi zake zitafufuta ndi dzuwa. Ndinalowa mu woyamba, ndinapereka moni, sanayankhe. Ndinaperekanso.

“Anti, mukufuna za ku Nigeria kapena za nkhondo zomasulira?” anafunsa osandiyang'ana.

Mafilimu omasulirawa ndi aja munthu mmodzi amalankhulira anthu onse a mu filimu m'Chichewa, mwamuna ndi iye, mkazi ndi iye, galu akauwa ndi iyenso, akungobwebweta zimene zamufikira m'mutu. Ndinati sindikufuna zimenezo, ndikufuna kaseti ya kwaya ya amayi a pa esiteti, yakale, yolembedwa ndi bolopeni.

“Chilichonse chili pa kompyuta apa, anti. Bweretsani memole ya mu foni ndikubenereni nyimbo. Nenani dzina la woimba.”

Ndinamufotokozera kuti nyimbo zimenezi sizinalowepo mu kompyuta ya munthu aliyense, kuti anaimba ndi amayi olima fodya, makaseti ake anali owerengeka, ndipo ndikufunira bambo anga okalamba. Anagogoda mabatani ake kawiri katatu, n'kundiuza kuti ngati pa kompyuta palibe ndiye kuti nyimboyo kulibe. Anatero ndithu, kulibe. Mwana wobadwa dzulodzuloli kundiuza ine kuti amayi anga sanaimbe. Kenako anati andiikire kwaya ina iliyonse, poti makwaya a amayi amangofanana, agogowo sakazindikira.

Dzanja langa linayabwa, koma ndinaligwira. Ndinatuluka. M'maokala enawo nkhani inali yomweyo, ngati anaphunzitsidwa ndi mphunzitsi mmodzi wosakhoza. Wina anandionetsa sidi yolembedwa kuti nyimbo zauzimu, titaiyesa munali anthu akumenyana makofi padenga la sitima. Sanadabwe n'komwe, anangoti nayonso ndi yabwino.

Chakumasana ndinafika kwa mkulu wina wogulitsa zitsulo zakale, maloko opanda makiyi ndi makiyi opanda maloko. Pambali pake panali mbale zakuda za galamafoni, zija ababa ankasimba kuti ankavinira ali mnyamata. Ndinatola imodzi, ndinaipukuta ndi nsonga ya chitenje. Inali yosalala, yopanda mng'alu, munthu wina anaisamala moyo wake wonse. Mkuluyo anandiuza monyadira kuti zimagulidwa ndi amayi a thobwa, amavundikirira ndowa, ntchentche sizilowa, kabowo ka pakati amangotsekapo ndi chitsononkho. Anandilozera kutsidya, ndipo ndinaonadi ndowa ya thobwa itavala nyimbo kumutu. Koma abale, dziko lino.

Komabe mkulu yemweyo ndi amene anandilozera kwa wokonza mawailesi, kuseri kwa zigayo. Kumeneko ndinaiona wailesi yathu. Ndinaizindikira ndi chogwirira chake chimene ababa anachimanga ndi waya chitathyoka. Inali chigonere chagada pa tebulo, m'mimba mulibe kanthu, atachotsamo zonse n'kuika m'mawailesi a anthu ena. Wokonzayo anavomera kuti anaigula kwa mdala wina woledzera, pamodzi ndi katoni ya makaseti.

“Nanga makasetiwo ali kuti, bambo?”

“Mwachedwa pang'ono, mayi. Anatenga munthu wina wa kwanu komweko ku Nathenje, amakhala kuseri kwa a chiwaya. Anatenga katoni yonse osasankha. Makaseti akuyenda malonda masiku ano, ndi nyengo yake ino.”

Ndinadabwa kumva kuti makaseti ali ndi nyengo, koma sindinafunse. Kunena zoona ndinasangalala. Ndinaganiza kuti kodi kani alipo anthu amene akumverabe makaseti, ndipo munthu wogula katoni yonse osasankha ayenera kukhala wodziwa chimene wagula. Njira yonse yobwerera ndinkamulemekeza mumtima munthu ameneyo ndisanamuone. Ndinaseka ndekha kuti ndapita kutali chonsecho pamene kaseti ili pamphuno panga. Nditafika kunyumba ndinawauza ababa kuti yapezeka, mawa lake ndikaitenga. Anagwira dzanja langa.

M'mawa mwake ndinapita kuseri kwa a chiwaya. Malo amenewo sindipitako kawirikawiri, ndi kumene amagulitsa makasu, mbewu za masamba ndi makeni othirira. Ndinamupeza munthu uja, bambo wa zaka zapakati, chipewa cha ulusi kumutu, atakhala pa ndowa yovundikira. Kumanja kwake kunali chisaka cha makaseti. Kumanzere kwake kunali mulu wina wa makaseti pansi pa fumbi. Patsogolo pake anandandalika zitsononkho, chilichonse chitakulungidwa ndi kanthu kofiirira konyezimira. Ndinaima ndikuyang'ana, mutu ukukana kumvetsa chimene maso akuona.

Anatola kaseti m'chisaka osaiyang'ana n'komwe. Anakola tepi ya m'kati ndi kamsomali, n'kuyamba kusolola. Ankayeza ndi mkono, kuchokera pachala mpaka paphewa, kwinaku akukulunga pa chitsononkho. Itatha anaidula ndi mano, chikhokhombe chake n'kuponya pa mulu wa kumanzere uja. Anatolanso ina.

“Mukutani, bambo?” ndinafunsa.

“Za mbalame izi, mayi,” anayankha mokondwa, akuganiza kuti wapeza kasitomala. “A madimba amamanga pamwamba pa mabedi a repu ndi mpiru. Mphepo ikawomba zimanyezimira n'kumalira, mpheta siziyandikira. Za vidiyo ndiye zabwino koposa, n'zazikulu, koma zikusowa. Mukufuna mikono ingati?”

Zingwe zonyezimirazo ndinali nditaziona m'madimba kwa zaka zambiri, monga aliyense wa kuno. Ndinkaganiza kuti anthu amatola makaseti oduka otayidwa kudzala. Sindinkadziwa kuti alipo munthu amene amadzuka m'mawa, kusamba, kumwa tiyi, n'kupita kukatumbula makaseti amoyo ngati nkhuku. Ndinamufunsa ngati amayamba wamvera kuti muli chiyani. Anaseka, ati amverere pa chiyani, ndipo mbalame sizisankha nyimbo.

Ndinagwada pa chisaka chija. Ndinatulutsa imodziimodzi, kuyang'ana pakona, kuika pambali. Ena ndinawazindikira kuti ndi a m'katoni yathu, maulaliki amene amayi ankakonda, nyimbo za ukwati wa msuweni wanga. Kadontho kofiira sindinakaone. Mwini malo anayamba kudandaula kuti ndikumusokonezera katundu. Ine ndinapitiriza kufufuza. Chisaka chitatha, ndinatembenukira ku mulu wa kumanzere, wa zikhokhombe. Ndinafukula m'fumbi muja, pakati pa makoko a nzimbe ndi timapepala ta mafuta, anthu odya tchipisi akundiyang'ana ngati wamisala. Inali pansi penipeni. Kadontho kofiira kali pakona, kamene amayi anadontheza ndi dzanja lawo ine ndikuona.

Ndinaiyang'anitsa pa dzuwa. Mbali imodzi kagudumu kanali mbee, kopanda kanthu. Mbali inayo kunatsala katepi pang'ono, kopyapyala ngati mphete, nsonga yake ikulendewera kunja.

“Imeneyo inagwira,” anatero bambo uja. “Ikagwira sindilimbana nayo, ndimangodula. Tengani ulere, ilibe ntchito.”

“Munagulitsa kwa ndani za m'katimu?”

“Aa, mayi, ndingadziwe? Amabwera a kumunsi kuno, amabwera a ku Diamphwe. Chitsononkho chimodzi ndimaphatikiza makaseti angapo.”

Ndinamuuza kuti m'menemo munali mawu a amayi anga, ndipo bambo anga akudikira kunyumba kuti awamve asanafe. Ndinkayembekeza kuti mwina achita manyazi. Anakanda m'chipewa, n'kunena kuti pepani, koma akanadziwa akanandisungira pa mtengo wabwino. Mpaka pamenepo mutu wake unali pa malonda. Ndinamuyang'ana, ndipo ndinaona kuti kumutukwana kukanakhala kumulemekeza. Ndinamanga chikhokhombe chija pa nsonga ya chitenje n'kuchoka.

Sindinapite kunyumba. Miyendo inanditengera kumunsi ku madimba, ngakhale ndinkadziwa kuti n'zopanda pake. Kunali mphepo ya nyengo yozizira ija. Dambo lonse linali ng'aning'ani, zingwe zofiirira zitamangidwa pa timitengo kuchokera bedi ili kufika bedi ilo, dimba ndi dimba mpaka kumene maso amalekeza. Zinkalira ndithu, kaphokoso kosalekeza ngati ka udzudzu. Ndinagwira chingwe chimodzi, utoto wake wofiirira unatsalira m'zala zanga, dzuwa ndi mame zitaudya kale. Mayi wina amene ankathirira repu anandipatsa moni, n'kundiuza kuti zimathandiza kwambiri, chaka chino mbalame zalephera. Sindinamudane naye mayiyo, iye akufuna ndiwo zake zikule. Koma ndinaima pamenepo ndikudziwa kuti penapake m'dambo limeneli amayi anga akupirikitsa mpheta, ndipo sindingadziwe ngakhale bedi lake. Ndinalira, mayi uja anaika keni pansi n'kumandiyang'ana.

Nditabwerera ku khonde langa, ndinakankhira nsalu za anthu pambali. Ndinamasula timasikuluwu ta kaseti ija ndi nsonga ya sizasi. Katepi kotsalako kanali katapindika pamalo pamene kanagwira, ndinakawongola ndi chikhadabo pang'onopang'ono. Nsonga yake ndinaimata pa kagudumu kopanda kanthu kaja ndi kyuteksi, monga tinkachitira kale kaseti ikaduka. Nditatseka, ndinalowetsa bolopeni pabowo n'kupukusa mpaka katepi konse kanasamukira mbali inayo. Apo m'pamene ndinazindikira kuti chimene chatsalacho ndi poyambira pa mbali yachiwiri. Mwini sitolo, mkulu wachifundo, anali ndi kawailesi ka kaseti kamene kankangosunga fumbi pamwamba pa shelefu. Anandibwereka osafunsa zambiri, ine ndinagula mabatire.

Ababa ndinawapeza pamalo pawo pomwe paja, dzuwa litapendeka, bulangeti m'miyendo. Anamva kuti ndaika chinthu pa mpando.

“Wabwera nayo?”

“Ndabwera nayo, ababa, koma si yonse. Anthu anaiononga. Yatsala pang'ono pokha.”

Sanafunse kuti anthu ake ati, kapena anaiononga bwanji. Anangoti ndiike. Ndinadina batani. Kunamveka kaphokoso ka mphepo, kenako benchi ikulira. Kenako amayi anakonza pakhosi. Ababa anadzidzimuka, dzanja lawo linafufuza m'mwamba mpaka linapeza mkono wanga. Mawu aja anatuluka, chapansipansi, akufunsa anzawo: “Mwakonzeka, amayi?” Amayi anakoka mpweya, nayamba mzere woyamba okha, mawu oonda okwera aja amene ankamveka mpaka ku zigafa za fodya. Asanafike pamene anzawo amalandira, wailesi inangoti khethe, tepi yatha.

Nkhuku zinkapalasa pabwalo. Ine mumtima ndinkatukwana atsibweni, ndi wa chipewa cha ulusi uja, ndi onse a pa mabenchi, mmodzimmodzi. Ndinkaganizanso za wojambula waulesi wa m'tauni uja, amene amayi anamudandaula moyo wawo wonse. Akanakhala wakhama n'kudula zoyambirirazo, bwenzi ababa atangomva theka la mzere.

“Ndi iwowo,” anatero ababa. “Ndi mmene ankandifunsira tikamapita ku tchalitchi, ine ndikuchedwa ndi nsapato. Bweza.”

Ndinatulutsa kaseti, ndinapukusa ndi bolopeni poopa kuti wailesi ingakoke mwamphamvu n'kudula pomata paja. Ndinaikanso. Benchi, pakhosi, funso lija, theka la mzere, khethe. Anati ndibwezenso. Ndinabweza mpaka dzuwa linachoka pakhomo, chala chitatupa ndi bolopeni.

Ulendo womaliza, amayi atafunsa kuti mwakonzeka, ndinamva ababa akuyankha chapansipansi kuti eya. Tepi itaima, iwo sanaime. Ababa anga, amene sindinawamvepo akuimba chibadwire changa, ngakhale m'tchalitchi ankangogwedeza milomo, analandira nyimbo ija pamene amayi anaisiyira. Mawu anali osasa, mpweya ukuwathera pakati pa mzere, chifuwa chikuwadula, koma sanaphonye liwu ngakhale limodzi. Anaimba ndime zonse mpaka kumapeto, ine ndili chigwirire bolopeni m'manja.